Kuona Mkati mwa Thupi Popanda Kung'amba: Mmene X-ray ndi Masikani Amathandizira Ovulala Pangozi

Chakudza sichiimba ng'oma. Tiyerekeze kuti mnyamata wa kabaza wawombana ndi minibasi madzulo. Anthu athamangirako ndipo amupeza ali kwala pamsewu, mwendo wakumanja wapindika, akudandaula khosi, koma bala lalikulu palibe. Wina akuti, "Magazi sakutuluka, ndiye kuti sizinavute kwenikweni." Wina akufuna kumudzutsa kuti akhale tsonga amwe madzi. Wachitatu akuti akudziwa agogo ena odziwa kulunzanitsa mafupa.

Onse atatuwa ndi a mtima wofuna kuthandiza, koma akuweruza ndi zimene maso awo akuona pakhungu. Zinthu zitatu zimene zimapha kapena kulumaza munthu wovulala, zomwe ndi kuthyoka kwa mafupa akuluakulu, kuvulala kwa msana ndi kukha magazi mkati mwa thupi, kawirikawiri sizionekera kunja. N'chifukwa chake kuchipatala kuli makina ojambulira mkati mwa thupi. Abale ndi alongo, tiyeni timutsatire mnyamatayu kuchipatala kuti tione funso limene makina aliwonse amayankha, mmene zithunzizo zimatsogolera dzanja la dokotala pochiza, komanso mbali imene ili yathu ifeyo.

X-ray: mthunzi wa mafupa

Pa 8 November 1895, katswiri wa sayansi Wilhelm Röntgen wa mumzinda wa Würzburg ku Germany anatulukira cheza chosaoneka ndi maso chimene chimadutsa mnofu. Patangotha milungu yochepa, anajambula dzanja la mkazi wake ndipo pachithunzicho panaoneka mafupa a zala pamodzi ndi mphete. Popeza sankadziwa kuti chezacho n'chiyani, anachitcha X.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi mthunzi. Chezacho chimadutsa mosavuta mu mpweya ndi mu mnofu, koma fupa limachitchinga. Choncho pachithunzi fupa limaoneka loyera, mnofu wotuwa, ndipo mapapo odzaza mpweya amaoneka akuda. Pamene fupa lathyoka pamaoneka mzere wakuda kapena zidutswa zosemphana.

Mudzaona kuti wojambula amatembenuza wodwala n'kujambula kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali. Sikuti koyamba walakwitsa ayi. Mthunzi umodzi umanamiza: zidutswa za fupa zikhoza kuoneka zolunjikana mukaziyang'ana chakutsogolo, chonsecho cham'mbali zasemphana kwambiri. Amajambulanso mfundo ya kumtunda ndi ya kumunsi kwa pamene pathyokapo, chifukwa mphamvu imene yathyola fupa imatha kugulula mfundo yoyandikana nayo.

X-ray ili ndi malire ake. Ming'alu ina, monga ya kafupa kakang'ono ka pamfundo ya dzanja chakutsinde kwa chala chachikulu, siioneka tsiku loyamba. Dokotala akakuikani chikhakha n'kukuuzani kuti mubwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14 kuti adzajambulenso, bwererani ndithu ngakhale ululu utachepa.

Sikani ya ultrasound: kusaka magazi obisika

Ambirife timaidziwa sikani iyi chifukwa cha amayi oyembekezera. Dokotala wina wa ku Glasgow, Ian Donald, ndiye anaitchukitsa m'zipatala kuyambira mu 1958. Iyi ilibe cheza. Imatumiza m'thupi phokoso limene khutu la munthu silingamve, ndipo phokosolo likagunda chiwalo limabwerera, monga mmene mawu amabwererera mukafuula pafupi ndi phiri. Makinawo amasandutsa kubwereraku kukhala chithunzi.

Kwa mnyamata wathu uja, sikani iyi ikhoza kukhala yofunika kuposa X-ray ya mwendo. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena imodzi ndi theka ikhoza kutayikira mu mnofu wa ntchafuyo popanda dontho lililonse kugwa pansi. Mafupa a m'chiuno akasweka, kapena kapamba ndi chiwindi zikang'ambika, magazi otayika amaposa pamenepo, ndipo onse amabisala mkati.

Pali kapimidwe kachangu kotchedwa FAST. M'mphindi zochepa, wodwala ali gone pamachira, dokotala amayang'ana malo anayi: kuzungulira mtima, kumanja pakati pa chiwindi ndi impso, kumanzere pafupi ndi kapamba, ndi kumunsi kwa mimba pafupi ndi chikhodzodzo. Magazi otayikira m'malo amenewa amaoneka ngati mkwasa wakuda. Ngati mkwasawo waoneka, ndipo wodwalayo wazizidwa, akutuluka thukuta, mtima ukuthamanga, dokotala sadikira zithunzi zina. Amathamangira naye ku fiyeta.

CT: thupi m'magawomagawo

Vuto la X-ray wamba ndi lakuti imasanjikiza zonse pachithunzi chimodzi. Sikani ya CT imagwiritsa ntchito cheza chomwecho, koma makina ake amazungulira wodwala n'kumujambula kuchokera mbali zonse, kenako kompyuta imakonza zithunzi za thupi m'magawo opyapyala, ngati buledi wodulidwa.

Nzeru imeneyi ili ndi mizu kuno kummwera kwa Africa. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, anayamba kuganizira masamu ake mu 1956 pamene ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Injiniya wa ku England, Godfrey Hounsfield, ndiye anapanga makina enieniwo, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa pa 1 October 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979.

CT ndi yachangu, ndipo ndiyo imadaliridwa kwambiri munthu akavulala m'mutu. Nthawi zina munthu akamenyetsa mutu amakomoka pang'ono, kenako n'kutsitsimuka, kulankhula bwinobwino ngakhale kuseka kumene, chonsecho mtsempha wang'ambika pansi pa chigaza ndipo magazi akuunjikana n'kumapanikiza ubongo. Pakapita maola angapo amayamba kusanza, kusinza, kenako kukomokanso. X-ray wamba sionetsa magazi amenewa, koma CT imawaonetsa bwino lomwe, ndipo akachotsedwa msanga munthu amatha kuchira. Wovulala m'mutu amene akusanza, akuiwalaiwala kapena akusinza mosadziwika bwino asasiyidwe kunyumba kuti agone kaye.

Pofuna kuona pamene pakuchucha magazi, amabaya mumtsempha mankhwala okhala ndi ayodini amene amawalitsa mitsempha pachithunzi. Pamene mtsempha wang'ambika, mankhwalawo amaoneka akutayikira kunja ngati madzi a paipi yoboka. Wodwala amamva kutentha m'thupi kwa kamphindi, ndipo zimenezi siziyenera kumuopsa.

MRI ndi kuvulala kwa msana

Msana uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 chakumunsi, ndipo 9 totsalato ndi tolumikizana m'chiuno ndi kumchira. Pakati pa timafupati pali mphako mmene mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse. Fupa likathyoka limalumikizananso, koma mtsempha umenewu ukaduka sumeranso. Ukavulala m'khosi, munthu akhoza kufa manja ndi miyendo yomwe. Ukavulala chakumunsi, imafa ndi miyendo, ndipo mkodzo ndi chimbudzi zimavuta kuzigwira.

Timafupa ta msana timaoneka bwino pa CT, koma mtsemphawo umaoneka bwino pa MRI. Makina awa alibe cheza cha X-ray. Amagwiritsa ntchito maginito amphamvu kwambiri pamodzi ndi mafunde a wailesi kuti ajambule madzi amene ali m'minofu. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku England analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito imeneyi. Kuno ku Malawi, makina oyamba a MRI anaikidwa mu 2008 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana.

MRI imayankha mafunso amene dokotala wa opaleshoni amafuna kudziwa: kodi mtsemphawo waduka, watupa, kapena wangopanikizidwa ndi kachidutswa ka fupa kapena magazi oundana? Ngati wangopanikizidwa, kuchotsa chopanikizacho msanga kumawonjezera mwayi woti mphamvu zina zibwerere. MRI imaonetsanso TB ya msana, imene imadya timafupa pang'onopang'ono mpaka kutiphwanya popanda ngozi iliyonse.

Koma MRI imatenga nthawi, mwina mphindi 20 kapena kuposa, ndipo imasokosa. Choncho si ya munthu amene akutaya magazi. Maginito ake sazimitsidwa ngakhale pamene sakujambula, ndipo amakoka chitsulo mwamphamvu. Makiyi, foni, ndalama zachitsulo ndi ndolo zonse zimatsala panja. Alongo athu ovala hijab akumbukire kuchotsa mapini onse a kumutu. Mpango wopanda chitsulo nthawi zambiri sukhala vuto, ndipo palibe cholakwika kupempha mwaulemu kuti pakhale wogwira ntchito wamkazi ngati alipo. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima, kapena kachitsulo kamene kanamulowa m'diso kapena m'thupi, anene asanalowe m'chipindacho.

Chithunzi chikamatsogolera dzanja la dokotala

Kale zithunzi zinkangothandiza kudziwa vuto. Masiku ano zimathandizanso pa kuchiza kwenikweniko. Mu fiyeta mumakhala makina a X-ray oyenda pa mateyala, opindika ngati chilembo cha C, otchedwa C-arm. Amaonetsa mafupa pa sikirini nthawi yomweyo, moti dokotala amaona chimene akuchita mkati popanda kung'amba bala lalikulu.

Tibwerere ku ntchafu ya mnyamata uja. Njira yakale, imene ikugwiritsidwabe ntchito m'zipatala zambiri, ndi yokoka mwendo ndi zolemera wodwala ali gone pabedi kwa milungu 6 mpaka 8 kapena kuposa. Fupa limalumikizana ndithu, koma nthawi yonseyo munthu sagwira ntchito, bondo limauma, ndipo mwendo umatha kufupika. Njira ina ndi yolowetsa chitsulo chachitali mumphako ya mafuta a fupa. Anaiyambitsa ndi Gerhard Küntscher ku Kiel, Germany, cha m'ma 1940. Mothandizidwa ndi C-arm, dokotala amacheka pang'ono chakuchiuno kapena pabondo, amalunjikitsa zidutswa akuyang'ana pa sikirini, amalowetsa chitsulocho, n'kuchikhoma ndi misomali kumtunda ndi kumunsi. Odwala ambiri amayamba kuyenda ndi ndodo pakangotha masiku ochepa.

Popeza si chipatala chilichonse chili ndi C-arm, dokotala wa ku America, Lewis Zirkle, anayambitsa bungwe la SIGN mu 1999. Bungweli limapanga chitsulo chokhala ndi cholozera chakunja, chimene chimathandiza kukhoma misomali pamalo pake popanda makinawo. Zitsulo zimenezi zathandiza odwala ambiri pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, pamene panamangidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. M'zipatala za m'maboma, ntchito yaikulu ya mafupa imagwiridwa ndi ma clinical officer ophunzira za mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985.

Pa msana, zithunzi n'zofunika koposa, chifukwa msomali umayenera kudutsa m'kanjira kopapatiza ka fupa, pambali penipeni pa mtsempha uja. Misomaliyo imalumikizidwa ndi timitengo tachitsulo kuti msana usagwedezeke mpaka fupa litapola. Palinso njira yothira simenti yapadera m'kafupa kamene kaphwanyika, kudzera mu singano yotsogozedwa ndi X-ray. Madokotala awiri, Pierre Galibert ndi Hervé Deramond, anaiyamba ku Amiens, France, mu 1984. Imagwiritsidwa ntchito makamaka kwa okalamba ofooka mafupa ndi odwala khansa. Si ya aliyense: kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti kwa odwala ambiri ofooka mafupa siinachepetse ululu kuposa chithandizo chongoyerekezera, choncho madokotala amasankha mosamala amene ingamuthandize.

Kutseka mtsempha wochucha kuchokera mkati

Mu 1953, dokotala wa ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger, anapeza njira yosavuta yolowetsera kapaipi mumtsempha: kubaya singano, kulowetsa kawaya kofewa kudzera mu singanoyo, kuchotsa singano, kenako kutsetserezera kapaipi pamwamba pa wayayo. Pa 16 January 1964, Charles Dotter wa ku Oregon, America, anagwiritsa ntchito njira yotere kutsegula mtsempha wotsekeka wa mayi wa zaka 82 amene anakana kudulidwa mwendo, ndipo mwendowo unapulumuka. Posakhalitsa madokotala anazindikira kuti ngati n'zotheka kutsegula mtsempha kuchokera mkati, n'zothekanso kuutseka.

Zimachitika motere. Dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi m'mphechepeche kapena padzanja, n'kulowetsa kapaipi kopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Akuyang'ana pa sikirini, amakayendetsa m'mitsempha mpaka kufika pafupi ndi pamene pavulala. Amapopera mankhwala owalitsa aja kuti aone pobookapo, kenako amatsekapo ndi timawaya topiringizika kapena tizidutswa ta siponji yapadera imene imasungunuka yokha pakatha milungu ingapo. Pakhungu pamangotsala kabala kakang'ono.

Njirayi imathandiza kwambiri mafupa a m'chiuno akasweka, chifukwa mitsempha ya kumeneko ndi yovuta kuifikira ndi mpeni. Imatha kupulumutsa kapamba amene akanachotsedwa, ndipo kuyambira mu 1979 yakhala ikuthandiza amayi otaya magazi kwambiri atabereka, kuti asachotsedwe chiberekero. Imafuna chipinda chapadera ndi dokotala woiphunzira mwapadera, ndipo m'zipatala zambiri za mu Africa muno siipezeka. Kumene kulibe, opaleshoni ndi kuikidwa magazi ndizo zimapulumutsa moyo.

Pali mfundo imodzi imene Msilamu angafune kuidziwa. Siponji yotchuka yotsekera magazi, yotchedwa Gelfoam, imapangidwa ndi gelatin wochokera ku chikopa cha nkhumba, ndipo masiponji otere amagwiritsidwanso ntchito pa maopaleshoni wamba. Mu 1995, msonkhano wa maulama ndi madokotala umene bungwe la Islamic Organization for Medical Sciences linachititsa ku Kuwait unagamula kuti gelatin ndi wololedwa chifukwa wasinthika kuchoka ku chimene anali poyamba. Maulama ena sagwirizana ndi ganizo la kusinthikali, komabe lamulo lodziwika mu Shariah ndi lakuti kukakamizika kofuna kupulumutsa moyo kumaloleza choletsedwa ngati palibe cholowa m'malo mwake. Ngati chithandizo ndi chokonzekera, funsani dokotala ngati pali njira ina ndipo funsaninso a Sheikh. Koma pamene munthu akutaya magazi, achibale asachedwetse chithandizo chifukwa cha nkhaniyi.

Kodi cheza chimenechi n'choopsa?

Mphekesera yakuti X-ray imauma magazi kapena imafupikitsa moyo ndi yabodza. Tonsefe timalandira cheza pang'ono tsiku lililonse kuchokera m'nthaka ndi kumlengalenga. X-ray imodzi ya chifuwa ikufanana ndi cheza chachilengedwe cha masiku pafupifupi 10. CT ya m'mimba ndi yochulukirapo, ikufanana ndi cha zaka pafupifupi 3. N'chifukwa chake madokotala sajambula CT mwachisawawa, makamaka kwa ana. Koma kwa munthu wovulala kwambiri, kuopsa kwa magazi obisika kumaposa kutalitali kuopsa kwa chezacho.

Musanajambulidwe, nenani ngati ndinu oyembekezera kapena mukukayikira, ngati muli ndi vuto la impso kapena shuga, ndiponso ngati mankhwala owalitsa aja anakuwengani m'mbuyomu. Sungani zithunzi zanu zakale ndi buku lanu la kuchipatala, chifukwa kuyerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano kumauza dokotala zambiri.

Mbali yathu pamalo a ngozi

Makina onsewa sangabwezeretse chimene chawonongeka panjira yopita kuchipatala. Pali anthu amene anagwa mtsempha wa msana uli wabwinobwino, koma unavulazidwa pamene owathandiza ankawanyamula wina kumiyendo wina kumanja, n'kuwapinda kuti akwane m'galimoto.

Munthu akadandaula khosi kapena msana, akamva dzanzi, akalephera kusuntha zala, kapena akakomoka, muoneni ngati wovulala msana mpaka kuchipatala atanena. Mmodzi agwire mutu wake ndi manja awiri kuti ulunjikane ndi thupi. Musamuvule chipewa cha njinga pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Pomunyamula pakhale anthu anayi kapena asanu, mumutembenuze thupi lonse pamodzi ngati chipika, n'kumugoneka pa chitseko kapena thabwa. Akamasanza, mutembenuzireni cham'mbali motero, mutu osapotoka.

Pamene magazi akutuluka, panikizani ndi nsalu yoyera osasiya. Ngati mukukayikira kuti chiuno chasweka, kulungani chitenje molimba kuzungulira pamene ntchafu zimalumikizana ndi chiuno, chifukwa zimenezi zimachepetsa kukha magazi mkati. Mwendo wothyoka muumangirire ku thabwa mmene ulili, osaukoka. Musamupatse madzi kapena chakudya, chifukwa mwina afunika kugonekedwa tulo ku fiyeta. Ndipo musayambe mwapita kokathowa kapena kokatemera mphini. Fupa lolumikizana mokhota limafuna opaleshoni yovuta kuposa yoyambayo, ndipo nsalu yomangidwa mothina imatha kupha mkono wonse.

Mnyamata wa kabaza uja akafika kuchipatala msanga, atagonekedwa pa thabwa, sikani idzaona ngati m'mimba muli magazi, zithunzi za khosi zidzanena ngati n'kotheka kumudzutsa, ndipo X-ray idzasonyeza mmene ntchafu yathyokera. Mukadzakhala woyamba kufika pamalo a ngozi, letsani anthu kumukhazika tsonga, pezani thabwa ndi galimoto, ndipo mupite naye kuchipatala chimene chili pafupi.